Buku Latsopano Limene Ndinagulira Amayi

Inu owerenga, ine ndine mmodzi wa anthu aja amene akangovala taye amayamba kuganiza kuti kumudzi kwawo kulibe wanzeru koma iwo okha. Ndaphunzitsa kupulayimale zaka zambiri kufupi ndi Chonde, ndipo ana a eni ndawakalipira kosawerengeka chifukwa choyankha funso asanalimvetse. Koma ine mwini ndinayankha funso limene silinali langa, pamaso pa dokotala, ndipo lero amayi anga ali m'manda. Sindikulemba kuti mundimvere chisoni, chisoni chanucho chisungeni. Ndikulemba kuti wina wamatama ngati ine adzione, ngati maso ali nawo.

Amayi anatchola tiyi paesiteti kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitadzaza mutu. Dengu kumsana, kaya kukugwa mvula kaya dzuwa likuswa mtengo, iwo ali m'mizere ya tiyi yokwera chitunda. Ndi dengu limenelo anandiphunzitsa ine, mpaka iwo eni anayamba kunditchula kuti aphunzitsi, osatinso dzina langa. Atapuma ntchito anabwerera kwathu cha ku Thuchila, kumene ankakhala ndi mlongo wanga Felesiya. Felesiya sukulu anasiyira sitandade sikisi, ndipo ine chifukwa cha chimenecho sindinkamuwerengera. Akayankhula ndinkamva ngati wailesi ya nyumba yoyandikana.

Chaka china amayi anagwa m'munda atagwira chifuwa, thukuta lili kamukamu, ndipo anagonekedwa m'chipatala masiku angapo. Atatuluka, ankapita mwezi ndi mwezi pachipatala chaching'ono chapafupi ndi kwathu kukalandira mapilitsi a kuthamanga kwa magazi ndi ena a mtima. Amene ankawaona kumeneko anali bambo wina wamfupi, wobwera kuntchito panjinga yakapalasa, buluku atalipisira m'sokosi. Ine ndinamupatsa dzina loti dokotala wa panado. Ndinkati munthu ameneyo aliyense wolowa m'kachipinda kake amangomuuza kuti ali ndi bipi, ngakhale wabwera ndi chilonda cha pachala. Zoti amayi ali ndi vuto la mtima sindinazikhulupirire n'komwe. Ndinkati tsiku lija inali njala ndi dzuwa basi.

Zonse zimene bambo uja ankapeza ankazilemba m'buku lakuchipatala la amayi. Kunena zoona sanali buku limodzi. Anali mabuku atatu, lina likadzaza amayi ankalisokerera ku linzake ndi ulusi wa thumba la feteleza, n'kuwasunga m'pepala la shuga kuopa mvula. Anali akuda ndi utsi, m'makona mopindikapindika, ndipo ankanunkha parafini. Amayi kuwerenga sankadziwa, koma mabukuwo ankawasamala kuposa chitenje chawo chakutchalitchi.

Kenako kunabwera za msana. Amayi anayamba kupindika pang'onopang'ono, n'kufupika, moti chitenje chimene ankavala bwinobwino chinayamba kukwekwereza pansi. Tsiku lina anaterereka potsika pakhonde, kugwa kwake kosati n'kugwa komwe, koma mkono unathyoka pafupi ndi chikhatho. Unachira, koma anthu anali atapeza nkhani. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wa pakamwa posatseka anandiuza anthu akumva kuti, “Aphunzitsi, amayi anu aja apindika ngati chikwakwa, inu mulipo?” Anthu anaseka. Ndikanakonda kukuuzani kuti chimene chinandinyamula chinali chikondi, koma bodza ndalinena lokwanira. Chinandinyamula chinali kuseka kuja. Ndinaganiza zowatengera amayi kuchipatala cholipira ku Blantyre, ndipo ndinaonetsetsa kuti aliyense wa kutchalitchi ndi kusukulu wamva za ulendowo usanachitike.

M'mawa wa ulendowo Felesiya anawaperekeza amayi mpaka pamsewu. Anali atawamwetsa kale mapilitsi awo a tsiku ndi tsiku. Minibasi itaima anandipatsira pepala la shuga lija pawindo, n'kunena kuti, “Achimwene, mukawaonetse adokotala mabukuwa, zonse za amayi zili m'menemu.” Ine ndinalandira ndi zala ziwiri, n'kuponya m'chikwama changa.

Chipatalacho chinali cha matailosi owala, anthu akutsika m'magalimoto awo, aliyense atanyamula mapepala ake m'chikwama chooneka bwino. Pamene mtsikana wolembera odwala anafunsa ngati tili ndi buku, ndinatsegula chikwama, fungo la parafini n'kundimenya m'mphuno. Ndinayang'ana zala zake zopaka utoto, ndinayang'ananso pepala la shuga lija, ndipo ndinatseka chikwama. Ndinamuuza kuti atigulitse latsopano. Taonani kupusa kwake, inu owerenga. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuchita manyazi ndi mtsikana amene sanandidziwe dzina ndipo pofika masana anali atandiiwala kale. Amayi anaona zonse, koma anangondisiya. Kwa iwo chimene aphunzitsi achita ndiye cholondola.

Anawajambula msana ndi chiuno, anawayezanso magazi. Dokotala anali bambo wodekha, Mmalawi mnzathu, ndipo anayamba kufotokoza m'Chichewa chomveka bwino kuti mafupa a amayi afooka, m'kati mwake mwachita ngati mtengo wofumbwa, n'chifukwa chake kugwa pang'ono kokha kunathyola mkono. Anati matendawa amakonda amayi amene anasiya kusamba kalekale, ndipo mankhwala ake alipo amitundu ingapo. Kenako anatembenukira kwa amayi n'kuwafunsa kuti, “Agogo, munadwalapo mtima? Magazi amathamanga? Pali mankhwala amene mukumwa?”

Amayi anaika dzanja pachifuwa. Anangoti, “Apapa nthawi zina pamandithina, ndikamakwera…” Sanamalize. Ine ndinawadula pakamwa, ndipo ndinawadula m'Chingerezi. Ndinauza dokotala kuti ndi chilungulira chabe, kuti mayi ameneyu wakwera zitunda za tiyi moyo wake wonse ndipo mtima wake ndi wa mtsikana. Nditayamba Chingerezi, dokotalayo naye anapitiriza m'Chingerezi, amayi n'kungokhala ngati katundu amene tabwera naye. Anafunsa za buku lakale, ine ndinati linadyedwa ndi chiswe. Anawayeza kuthamanga kwa magazi n'kupeza kuti kuli bwino. Kukanalephera bwanji, poti Felesiya anali atawamwetsa mapilitsi a dokotala wa panado m'mawa womwewo? Ine ndinamwetulira ngati ndapambana mlandu.

Musaganize kuti dokotalayo sanachenjeze. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti mankhwala amene akufuna kulemba ndi amphamvu, ndipo sapatsidwa kwa munthu amene anadwalapo mtima, amene anafapo ziwalo, kapena amene magazi ake amathamanga mosagonja, chifukwa kwa anthu otero angathe kuwonjezera ngozi yoti mtsempha wa magazi utsekeke. Anati ngati pali chokayikitsa chilichonse ndinene, alembe mtundu wina. Ine mawu oti amphamvu ndi amene ndinamva. Ndinabwera ku Blantyre kudzatenga amphamvuwo, osati mtundu wina wa anthu wamba. Ndinagwedeza mutu kuti palibe chokayikitsa. Anawonjezera kuti chifuwa chikangowawa asiye kumwa n'kubwera msanga. Mawu amenewo sindinawamasulire kwa amayi. M'minibasi pobwerera atandifunsa kuti adokotala amati chiyani, ndinawayankha kuti amati muchira.

Mankhwalawo anali aufa, a m'timapaketi, osungunula m'madzi n'kumwa kamodzi patsiku. Ndinafika nawo kumudzi nditawanyamula poonekera, kuti a nyumba zoyandikana aone katoni yake. Mabuku akale aja ndinangowasiya pawindo osanena kanthu. Felesiya anafunsa ngati amayi apitirize mapilitsi a pachipatala chaching'ono. Ndinamuyankha mwachipongwe kuti mankhwala enieni afika, za panadozo azisiye, asasokoneze ntchito ya madokotala ophunzira. Palibe dokotala amene ananena zimenezo. Zinachokera m'mutu mwanga momwemu, ndipo Felesiya anamvera, poganiza kuti ndamva kwa adokotala.

M'katoni muja munali pepala lopindidwa, la zilembo zing'onozing'ono. Ine mphunzitsi, amene tsiku lililonse ndimalalatira ana kuti aziwerenga malangizo asanayambe kulemba mayeso, pepalalo sindinalitambasule. Ndinadzaliwerenga maliro atatha. Zonse zimene dokotala ananena zinali m'menemo.

Panapita miyezi inayi. Ine ndinkayenda mdidi. Kutchalitchi ndinkafotokozera aliyense, ngakhale amene sanafunse, za makina ojambulira mafupa ndi za mankhwala ochokera kunja. Mayi amene ananena za chikwakwa uja anafika pondigwira chanza, ndipo ine ndinamva kukoma ngati ndapatsidwa mendulo. M'mwezi wachitatu Felesiya anandiimbira foni kuti amayi akudandaula chifuwa, akangoyenda kuchoka pachitsime akumaima kawiri kuti apume. Ndinamufunsa kuti adya chiyani. Atati nyemba za kalongonda, ndinaseka n'kumuuza kuti nkhalamba yodya kalongonda isadabwe ndi chilungulira, awapatse madzi otentha. Patapita sabata anaimbanso kuti bambo wa pachipatala chaching'ono uja wakumana naye pamsika wa Thuchila, ndipo wafunsa chifukwa chimene amayi asiyira kubwera kudzalandira mapilitsi. Anati wapempha kuti abwere ndi mankhwala atsopanowo awaone. Ine ndinati munthuyo ali ndi nsanje, wamva kuti odwala ake akupita kwa madokotala enieni. Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero akuluakulu, koma ine mnansi wokwera njinga yakapalasa sindinkamufuna.

Inali nyengo yokolola nandolo. Ndinali m'kalasi, cha m'ma teni koloko, pamene foni inalira. Felesiya sankatha kuyankhula bwino. Amayi anali atakhala pansi m'munda, thukuta lili thupi lonse, akuti chifuwa chawapanikiza ngati wina wawakhalira, ululu ukutsikira kumkono wamanzere ndi kukwera kunsagwada. Anawakweza panjinga yamoto, Felesiya atawagwira kumbuyo, mpaka pachipatala chaching'ono chija. Bambo amene ndinkamunyoza uja ndi amene anawapatsa chithandizo choyamba n'kuitanitsa ambulansi yowatengera kuchipatala chachikulu. Felesiya, wa sitandade sikisi, m'chipwirikiti chonsecho anakumbukira kunyamula mabuku akale, buku latsopano ndi katoni ya mankhwala.

Nditafika ndinapeza amayi ali pabedi, chubu cha mpweya chili m'mphuno. Felesiya anali atatuluka kukawaphikira phala kukhitchini ya odikirira odwala. Dokotala wa kumeneko, mayi wa zaka zapakati, anali atayala mabukuwo pabedi, akale mbali ina, latsopano mbali ina. Anati mtsempha wopereka magazi kumtima watsekeka, ndipo mtima wavulala kwambiri. Kenako anafunsa kuti anaperekeza agogowa ku Blantyre ndani. Ndinati ndine. Anatsegula buku lakale n'kundilozera tsamba limene linalembedwa za kugonekedwa kwawo kuja, n'kutsegulanso latsopano pamene panalembedwa kuti sanadwalepo mtima. Anandifunsa kuti dokotala wa ku Blantyre anaona buku lakaleli kapena ayi. Chingerezi changa chonse chinathawa. Ndinangoyang'ana nsapato zanga zopolisha.

Amene anayankha ndi amayi. Anachotsa dzanja pachifuwa n'kugwira mkono wa dokotala, mawu akutuluka movutikira. “Adokotala, bukulo ndinaliiwala ndine kunyumba. Mwanaka sankadziwa.” Mwanaka, kutanthauza mwana wanga, ndi mmene ankanditchulira m'Chilomwe ndili mwana. Dokotalayo anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti sanakhulupirire. Anangoti sanganene motsimikiza kuti mankhwala a mafupawo okha ndi amene achita zimenezi, poti mtima unali wodwala kale ndipo mapilitsi ake anasiyidwa, koma palibe dokotala amene akanalemba mankhwala amenewo ataona buku lakalelo. Ine, bambo wa ana anayi, ndinalola mayi wanga amene akulimbana ndi mpweya kuti asenze bodza langa. Anamwalira pa tsiku lachinayi, masana, Felesiya akuwapukuta kumaso.

Pamaliro ndiye panali zonyansa. Woyankhula aliyense ankanditchula ine. Ankati taonani mwana wodziwa kubweza, anatengera mayi ake mpaka ku Blantyre, ana a masiku ano atengerepo phunziro. Mayi wa chikwakwa uja analira mokweza kuposa tonse, n'kumauza anzake kuti aphunzitsi anayesetsa koma Mulungu wakonda. Anthu athu akaona katoni yolembedwa Chingerezi amagwada, safunsa kuti m'katimo muli chiyani. Ndinkawanyoza mumtima chifukwa cha kupepera kwawo, koma ndinakhala pampando wakutsogolo n'kumagwedeza mutu, kulandira ulemu wonsewo. Bambo wa njinga yakapalasa uja anabwera, anakhala kumbuyo pansi pa mtengo wa mango, ndipo palibe amene anamutchula. Pochoka anandipatsa moni wa chipepeso ndi manja awiri. Akanandilavulira kumaso zikanandipepukira.

Papita chaka tsopano. Mwezi wamawa tikumanga chiliza, ndipo akubanja anagwirizana kuti woyankhula m'malo mwa ana ndikhale ine, poti ndine ndinawasamala amayi. Nditamva zimenezo, Loweruka lapitali ndinakwera minibasi mpaka ku Thuchila. Felesiya ndinamupeza pakhonde lomwe lija akusenda chinangwa. Ndinakhala pansi, osati pampando umene ananditulutsira, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira pa mtsikana wolembera odwala mpaka pa bodza la amayi m'chipatala. Ndinkayembekezera kuti akuwa, aitana anthu, mwinanso andiponyera mpeni. Iye sanasiye n'kusenda komwe.

“Ndikudziwa, achimwene,” anatero. “Amayi anandiuza dzulo lake la tsiku limene anatisiya. Anandilumbiritsa kuti ndisakuchititseni manyazi pagulu, akuti ndinu aphunzitsi, ana asukulu angasiye kukuopani.” Anaponya chinangwa m'beseni n'kutenga china. “Ine ndasunga mawu awo chaka chonse, ndipo ndisungabe. Koma pachiliza musayankhule. Mukakhale kumbuyo ndi alendo. Mukangoimirira, ine ndichokapo.”

Chaka chonse mlongo wanga ankandiphikira ndikapita kumudzi, ankanditulutsira mpando, ankamva anthu akunditamanda, akudziwa. Ine ndinkaganiza kuti ndamubisira chifukwa sadziwa Chingerezi. Ndawauza kale akubanja kuti asankhe wina, ndipo akudabwa kuti aphunzitsi ayamba liti kudzichepetsa.

Tsono inu owerenga, musamve molakwa. Sindikunena kuti mankhwala a mafupa ndi oipa, kapena kuti amene mukumwa muwataye. Amathandiza anthu ambiri, ndipo amayi akanapatsidwa mtundu wowayenera ndikanangonena zoona. Koma ena mwa mankhwalawo sagwirizana ndi mtima wodwala, ndipo dokotala si mlosi, amadziwa zimene mwamuuza ndi zimene mwamuonetsa. Buku lakale, kaya ndi lakuda bwanji, kaya likununkha chiyani, liikeni patebulo pake pamodzi ndi mapilitsi onse amene wodwalayo akumwa. Musasiyitse munthu mankhwala chifukwa choti amene anawalemba amakwera njinga. Wachikulire akati chifuwa chikuthina, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, musamufunse kuti wadya chiyani. Ndipo inu anzanga a mataye, amene mumaperekeza makolo anu kuchipatala kuti anthu akuoneni, dokotala akafunsa mayi anu funso, tsekani pakamwa panupo ayankhe okha m'chiyankhulo chawo. Chifuwa chikuwawacho si chanu.